Kalata yotseguka kwa atsogoleri: achikulire athu akukalambira m'malo omwe sitinawamangire

Kwa Olemekezeka a Nduna oona za chisamaliro cha anthu, a Nduna oona za malo ndi nyumba, a Nduna oona za maboma ang'onoang'ono, mabwanamkubwa, makhansala, aphungu, ndi inu mafumu athu, kuyambira a Gogo Chalo mpaka anyakwawa,

Ndakupatsani moni mwaulemu nonse. Ine ndine mmisiri womanga nyumba wa m'boma la Chiradzulu, ndipo ndakhala ndikuyala njerwa kwa zaka zoposa 20. Ndamangira aphunzitsi, ochita malonda, ndi anyamata obwera ndi ndalama kuchokera ku Johannesburg. Mwa onsewa palibe amene anandifunsapo ngati nyumba yomwe tikumangayo adzathe kukhalamo akadzafika zaka 80. Nanenso funso limeneli silinkandibwerera m'mutu. Linabwera amayi anga atagwa.

Munali mu February, mvula itachezera usiku wonse. Amayi anadzuka m'bandakucha kuti apite kuchimbudzi. Pambuyo pake ndinatenga tepi n'kuyeza kuchokera pomwe amayala mphasa kukafika pakhomo la chimbudzicho: mamita 31. Pa mtunda umenewu panali chitseko cha mpiringidzo wolimba, khonde lotalika masentimita 40 lopanda sitepe, ngalande ya madzi a padenga, ndi kanjira koterera kodutsa kuseri kwa khola la mbuzi. Sanafike n'kungalande komwe. Anaphonya phazi potsika pakhonde, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Anagona m'matope mpaka kunja kutayera, chifukwa nyumba yawo inali kumapeto kwa mudzi ndipo mdzukulu amene amagona nawo anali kumaliro. Mayi amene ankalima okha munda wa chimanga ndi nandolo, osajomba ku Mvano, anasanduka munthu wodikira kuti wina abwere adzawatembenuze.

Odzazonda matenda ankati ndi tsoka, ena ankati ndi ukalamba basi. Ine ndinkangokhala chete, chifukwa khonde lija ndinamanga ndine. Ndinalikweza dala kuti madzi asamalowe m'nyumba, ndipo madzi sanalowemodi. Ndinaganizira mvula, sindinaganizire mawondo a mwini nyumba. Kuyambira pamenepo ndikalowa m'mudzi uliwonse maso anga amathamangira pamakonde, pazimbudzi, pamijigo ndi pamasitepe a zipatala, ndipo zomwe ndimaona ndi zomwe zandilembetsa kalatayi. Dziko lonseli talimanga ngati kuti tonse tidzakhala a zaka 30 mpaka kalekale.

Tinazolowera kunena kuti Malawi ndi dziko la achinyamata, ndipo n'zoona. Koma kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, anapezanso kuti pafupifupi anthu 5 mwa 100 aliwonse ali ndi zaka 60 kapena kuposerapo. Amenewo ndi anthu oposa 800,000, ochuluka ngati mzinda wathunthu, ndipo ambiri ali kumudzi, komwe kumakhala anthu 84 mwa 100 aliwonse m'dziko muno. Chiwerengerochi chikukwera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Mmalawi wobadwa kumene ankayembekezereka kukhala ndi moyo zaka za m'ma 40; lero ndi zoposa 60. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, anthu amene tinkaganiza kuti tiwaika m'manda anadzuka, ndipo amene anali ndi zaka 40 nthawi imeneyo lero adutsa 60. Ichi ndi chipambano chomwe dziko lathu liyenera kunyadira. Koma tinawapulumutsa ku imfa osakonza koti akakalambire. Ndipo a zaka 75 ndi 80 a lero ndi aja anaika ana awo m'manda motsatizana, n'kulera adzukulu ndi khasu limodzi. Sitingawauze kuti adalire ana awo. Ambiri ana awo ali kumanda.

Ndikuthokoza kuti mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko yoona za anthu achikulire, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lowateteza. Mabungwe oimira achikulire monga MANEPO anamenyera nkhondo zimenezi kwa nthawi yaitali ndipo ayenera kuyamikiridwa. Nkhawa yanga ndi yakuti nkhani ya achikulire taipachika pakhomo la unduna umodzi, pamene zinthu zomwe zimawagwetsa zili m'manja mwa ena. Amene amasankha pokumba mjigo si wa zachisamaliro cha anthu. Amene amavomereza pulani ya chipatala, amene amagawa malo, amene amakumba ngalande m'mbali mwa msewu, onsewa sakhala nawo pa mwambo wa pa 1 October pamene timakumbukira achikulire ndi magule ndi mabulangete. Bulangete ndi labwino, amayi anga analandirapo ndipo anasangalala. Koma silitsitsa khonde.

Ndiyambe ndi chimbudzi, ngakhale ndi nkhani yomwe akuluakulu sakonda kuikamba pagulu. Chimbudzi chathu chakumudzi ndi dzenje, mitengo yoyala pamwamba, dothi, ndi kabowo. Chimafuna munthu woti anjute n'kudzukanso popanda chogwira. Munthu wa nyamakazi, wofa ziwalo mbali imodzi, kapena wa ng'ala m'maso sangathe. Ena amakwawa ndi manja pansi pomwe ena aponda. Ambiri amachita chomwe amayi anga anadzandiululira atagona kale pamphasa: ankasiya kumwa madzi dzuwa likapendeka ndipo nsima yamadzulo ankangoilawa, kuopa kutuluka usiku. Ndawafunsa achikulire ena ndipo ambiri amayankha chimodzimodzi, mwamanyazi, akuyang'ana pansi. Tangoganizani munthu wa BP kapena shuga, m'mwezi wa October, akudzimana madzi chifukwa cha kanyumba komwe tinamumangira ife.

Kampeni yothetsa mchitidwe wochita chimbudzi patchire inagwira ntchito yaikulu. Tinawerenga zimbudzi, zivindikiro ndi mipondagiya, midzi n'kulandira ulemu. Koma sitinawerenge anthu amene chimbudzi ali nacho pakhomo koma sangathe kuchigwiritsa ntchito. Chonsecho kukonza kwake n'kotchipa moti ndimachita manyazi kuti ndinachedwa kudziwa. Mpando wa njerwa wozungulira bowo, wotalika masentimita 45, wopakidwa simenti yosalala kuti uzitsukika. Mtengo wolimba wozikika mbali zonse ziwiri, woti munthu agwire pokhala ndi podzuka. Khomo lotakata masentimita 90, kuti wothandiza kapena njinga ya olumala ilowe, ndi chitseko chotsegukira kunja, chifukwa munthu akagwera m'kati thupi lake limatchinga chitseko chotsegukira m'kati. Pansi pakhale silabu, popeza mitengo imawola ndipo nthawi yadzinja zimbudzi zimatitimira ndi anthu. Paipi yotulutsa fungo ikakhalapo, chimbudzi chingathe kuyandikira nyumba, bola chitalikirane ndi chitsime. Kuchokera pakhomo kukafika kumeneko mumange chingwe kapena nsungwi yoti wosaona bwino azitsata ndi dzanja. Ntchito yonseyi mmisiri ndi mnyamata mmodzi amaimaliza masiku awiri.

Alangizi a zaumoyo amayenda kale khomo ndi khomo. Ndikupempha kuti pa mafunso omwe amafunsa muwonjezerepo ochepa: pakhomo pano pali munthu wa zaka zoposa 70? Amagona ndi ndani? Amafika yekha kuchimbudzi? Madzi amamutungira ndani? Mayankho amenewa akafika kukhonsolo, mudzakhala ndi mapu a ntchito yomwe ikukudikirani, mudzi ndi mudzi, popanda kulemba akatswiri ochokera kunja.

Za madzi, muyezo womwe timaumva ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250 ndipo usatalikire kuposa mamita 500. Kwa mtsikana wa zaka 16 mamita 500 si kanthu. Kwa agogo oyendera ndodo ndi ulendo wa kilomita yathunthu kupita ndi kubwera, theka lake atasenza. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo kupopa mjigo kumafuna mapewa. Nthawi zambiri mjigo umakumbidwa pafupi ndi msewu pomwe alendo angauone, kapena pafupi ndi pakhomo pa munthu wotchuka. Mafumu, inu mumadziwa nyumba iliyonse yomwe muli nkhalamba yokhala yokha. Akabwera okumba, mapu a nyumba zimenezo akhale patsogolo panu. Ndipo makomiti a mijigo asamathamangitse agogo chifukwa cholephera kusonkha ya mwezi. Midzi ina inagwirizana kale zowakhululukira, ndipo mijigo yawo sinafe chifukwa cha zimenezo.

Palinso madzi omwe timangowataya. Denga la malata la mamita 6 mulitali ndi 5 mulifupi, mvula ya mamilimita 20 ikagwa tsiku limodzi, limatsitsa malita 600. Zimenezo ndi zigubu 30. Madzi amenewa ndi omwe amakumba maziko a nyumba n'kusandutsa bwalo kukhala thope loterera, thope lomwe amayi anga anagonamo. Gatala ndi mgolo wovindikira zingasandutse chinthu chogwetsa munthu kukhala chomupumitsa ulendo wa kumjigo miyezi inayi kapena isanu pachaka.

Pa nyumba yeniyeniyo ndili ndi mawu omwe ena sawakonda. Tinaphunzitsa anthu kuti nyumba yabwino ndi njerwa zootcha ndi malata, basi. Pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo inathandiza mabanja ena, sindikukana, koma mbali ina inali ngongole yoti munthu abweze, ndipo nkhalamba yopanda chopezera ndalama siingalowe m'ngongole. Komanso malata opanda siling'i ndi ng'anjo. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kutentha kumadutsa madigiri 40 mu October ndi November, wachinyamata amathawira pansi pa mtengo koma wodwala wogona m'nyumba amapsa momwemo. Mu June ndi July, ku Dedza kapena kwathu kuno chiperoni chikabwera, malata omwewo sasunga kutentha ngakhale pang'ono. Thupi lokalamba silipirira zonse ziwirizi. Siling'i ya bango kapena nsungwi, mawindo awiri oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, denga lotulukira kunja mokwanira kuti khoma likhale pamthunzi, ndi mtengo wa mango kumadzulo kwa nyumba zimasintha zonsezi popanda magetsi. Mawindo akhalenso aakulu ndithu. Timazenera tathu tating'ono tija, totsekedwa ndi chiguduli, timachititsa kuti munthu wa maso ofooka azipunthwa m'nyumba mwake masanasana. Usiku kanyali ka sola kamodzi kopachika pakhomo n'kokwanira, pamene tikudikira kuti mawaya a MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, adzafike.

Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo ine ndinagwirizana nazo, chifukwa ndaona ndi maso anga mapiri akumetedwa kuti tiotche mauvuni. Koma musalole kuti anthu aganize kuti chotsala ndi mabuloko a simenti okha, omwe wosauka sangawakwanitse. Nyumba ya mdindo kapena ya zidina imazizira bwino masana n'kufunda usiku, ndipo imakhalitsa ngati maziko ake ali a miyala, okwera, ndipo denga likuteteza khoma ku mvula. Njerwa zadothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza pamakina amanja, n'zolimba ndipo sizidya nkhuni. Apa ndi pomwe pali msampha womwe ndinagweramo ine: maziko okwera amateteza nyumba koma amatchera mwini wake. Yankho lake ndi chitunda chotsetsereka pang'onopang'ono, mita imodzi ndi masentimita 20 kutalika pa masentimita 10 aliwonse okwera, chokhala ndi chogwirira, pansi pake pokhakhala. Malo akachepa, masitepe atatu afupiafupi otakata okhala ndi chogwirira ndi abwino kuposa kudumpha kamodzi. Zimenezi ziyenera kuphunzitsidwa m'masukulu a ntchito zamanja omwe TEVETA imayang'anira, kuti mnyamata aliyense wotuluka ndi levulo m'manja azidziwa. Ine palibe anandiphunzitsa.

Kukhitchini nako, agogo amaphika chowerama pamafuwa, m'kanyumba kodzaza utsi, ndipo nkhuni zikasowa amasonkhezera mapesi, zitsononkho ngakhale mapepala apulasitiki. Chifuwa chosatha ndi maso ofiira zimachokera pamenepo, ndipo ndikudziwa achikulire amene anagwera pamoto atachita chizungulire. Chitetezo mbaula ilipo kale, amayi a m'magulu amaiumba ndi dothi lathu lomweli, ndipo imadya nkhuni zochepa. Iikidwe pa kachitunda kuti wophika akhale pampando, ndipo khitchini ikhale ndi potulukira utsi.

Koma chomwe chikundipweteka kwambiri, mafumu anga, ndi pomwe nyumba ya wachikulire imakhala. Kale nyumba ya agogo inali pakati pa mudzi. Kunali kuka, komwe adzukulu ankagona, kudya ndi kumvera nthano, ndipo mayi aliyense wopita kumtondo kapena kumadzi ankadutsa pakhomo pamenepo n'kupereka moni. Agogo akapanda kutsegula chitseko m'mawa, mudzi wonse unkadziwa dzuwa lisanakwere. Makolo athu sanaphunzire zojambula mapulani, koma ankadziwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dambo sulisiya kutali ndi mudzi. Lero ana amamanga m'mbali mwa msewu, kufupi ndi msika ndi magetsi, ena ali ku Lilongwe, ena ku Joni. Mudzi umasamuka pang'onopang'ono, nyumba yakale n'kutsala yokha kumabwinja, udzu utazungulira. Palibe amene anathamangitsa agogo. Tinangochoka tonse.

Munthu wokhala yekha kumapeto kwa mudzi ndi wosavuta kumuloza chala. Ana samudziwa, amangomuona patali akuyankhula yekha, maso ali ofiira ndi utsi. Akayamba matenda oiwalaiwala, omwe ndi matenda a ubongo ngati ena onse, amadzuka usiku n'kusokera, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni ake asakudziwa kuti wafikapo bwanji. Pamenepo anthu amati wagwa paulendo wa ufiti. Mu January 2016, ku Neno, achikulire anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe mphenzi itapha mtsikana. Mu December 2022 dziko lonse linaona kanema wa ku Mzimba, amayi achikulire akuzunzidwa kumanda, akukakamizidwa kukwirira manda okha. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo apolisi amamanga anthu zikachitika. Koma apolisi amafika mwazi utakhetsedwa kale. Chomwe chimateteza agogo tsiku ndi tsiku ndi mdzukulu amene amadya nawo mbale imodzi, ndi mnansi amene amamva akatsokomola. Nkovuta kugenda munthu amene dzulo anakupatsa mbatata yootcha.

N'chifukwa chake ndikunena kuti kugawa malo ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Inu anyakwawa, banja likamapempha malo omanga, funsani kuti mayi awo akhala kuti. Mudzi ukamasunthira kumsewu, pasiyidwe malo pakati oti nkhalamba zisunthire nawo, pafupi ndi mjigo, pafupi ndi bwalo, khomo lake loyang'anizana ndi makomo ena. Sukulu za mkombaphala zimangidwe pafupi ndi nyumba zimenezi, pakhale benchi pansi pa mtengo, kuti ana akule akuwadziwa agogowo ndi maina awo. Ndipo tisabisane: kawirikawiri kumbuyo kwa mawu akuti mfiti kumakhala munda kapena dimba lomwe wina akulifuna. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo ndi kulembetsa minda. Makomiti amenewa ayambe ndi minda ya amasiye okalamba, ndipo apite okha kunyumba kwawo, chifukwa amene akufunika chitetezo kwambiri ndi amene sangathe kuyenda kukaima pamzere.

Namondwe wa Freddy, mu March 2023, anationetsa zonsezi m'masiku ochepa. Ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Ntauchira kwathu kuno, ku Phalombe, ku Mulanje ndi m'chigwa cha Shire, anthu oposa 600 anafa ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Matope akamatsika phiri, amene amapulumuka ndi wothamanga. Ndinathandiza nawo pa msasa wina pasukulu, ndipo ndinaona agogo akugona pasimenti yozizira chifukwa mphasa zinatha, akulephera kulimbirana ufa pamzere, akuopa zimbudzi za ana asukulu zomwe zinali kutsidya kwa bwalo lampira. Pobwerera, amene anali ndi mphamvu anaumba njerwa n'kuyambiranso. Wopanda mphamvu kumupatsa malo kumtunda n'kumuuza kuti amange ndi chimodzimodzi kumupatsa khasu lopanda mpini. Anamondwe sanathe: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Komiti iliyonse yoona za ngozi m'mudzi ikhale ndi maina a anthu osatha kuthawa okha, ndipo pambali pa dzina lililonse palembedwe dzina la amene adzamubereke. Midzi yatsopano yomwe mukusamutsirako anthu, nyumba zoyamba kumangidwa zikhale za amenewa, ndipo zikhale pakati.

M'tauni sindichedwamo, koma musaganize kuti kulibe nkhalamba. Kale munthu akapuma pantchito ankakwera basi kubwerera kwawo. Lero ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Mtandire ndi Chinsapo akhala m'tauni zaka 40, kumudzi alibe munda, ndipo akalambira momwemo m'nyumba za lendi zomangidwa pamtsetse. Ngalande zosavindikira, misewu yopanda poyenda apansi pomwe akabaza amadutsa mokhudza chigongono, maofesi a m'mwamba opanda chikepe, mizere ya kubanki ndi kuchipatala yopanda pokhala: zonsezi zimatsekera munthu m'nyumba ngati loko. Masomphenya a Malawi 2063 akukamba za mizinda ina isanu ndi itatu, monga Karonga, Kasungu, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Mbali yaikulu ya mizinda imeneyi ikadali papepala, ndipo monga mmisiri ndikudziwa kuti kufufuta mzere papepala n'kwaulere pamene kugumula khoma n'kodula. Amene adzakhale achikulire mu 2063 ndi achinyamata omwe ali ndi zaka za m'ma 20 lero. Makhonsolo, musadinde pulani ya msika, chipatala, depoti kapena nyumba za Malawi Housing Corporation ngati mulibe polowera wa ndodo, pokhala wotopa ndi chimbudzi choti angachigwiritse ntchito.

Ena anena kuti tingomanga nyumba zazikulu zosungiramo okalamba monga amachitira maiko ena. Alipo ndithu anthu opanda wachibale ndi mmodzi yemwe, kapena odwala kwambiri, amene akufunika malo otere, ndipo mipingo yomwe imawasamalira ithandizidwe ndi kuyenderedwa. Koma kwa ambiri ndikukana. Kumuchotsa munthu pafupi ndi manda a mwamuna wake, mtengo womwe anabzala ndi mpingo wake, n'kukamuika pabedi pakati pa alendo m'boma lina, ndi kumaliza ntchito yomwe kusungulumwa kunayamba. Ndalama zomangira ndi kuyendetsera nyumba imodzi yotere zingakonze makomo ambirimbiri momwe anthu ali kale.

Ndalama m'manja mwa wachikulire nazo ndi mbali ya nyumba yake, chifukwa denga la udzu limafuna kufolera kawirikawiri ndipo wofolera amafuna kulipidwa. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, wafikira makomo ambiri a agogo olera ana amasiye, koma amasankha ochepa pamudzi, ndipo kusankhako kumasiya nkhalamba ziwiri zofanana umphawi, ina ikulandira ina ikungoonerera. Lesotho, dziko laling'ono kuposa lathu, linayamba kupereka ndalama za mwezi ndi mwezi kwa nzika za zaka 70 kupita m'tsogolo mu 2004, ndipo Zanzibar inachita chimodzimodzi mu 2016. Nafenso tingayambire pa zaka zimenezo. Pamene mukuwerengera za thumba la boma, pali zina zosafuna kudikira. Pa ntchito za Mbwezera Chilengedwe, zomwe boma limalipira anthu akagwira ntchito yosamalira chilengedwe m'midzi mwawo, kufolera nyumba ya agogo, kuwakumbira chimbudzi ndi kuwabzalira mitengo ya nkhuni pafupi ziwerengedwe ngati ntchito yolipidwa. Aphungu ndi makhansala, pa ndalama za chitukuko cha m'madera patulani kagawo ka simenti ndi masilabu, ndipo mulengeze poyera kuti makomo angati akonzedwa chaka chino. Ndipo pokonza zonsezi afunseni eni ake. M'makomiti a chitukuko a m'midzi mukhale achikulire enieni, amayi ndi abambo, ndipo msonkhano uzichitikira pomwe angathe kufika.

Ine ndinagumula khonde lija. Tinakambirana ndi alongo anga ndi anyakwawa, ndipo amayi tinawamangira kanyumba ka zipinda ziwiri pakati pa nyumba za ana awo aakazi, ka zidina pa maziko a miyala, siling'i ya bango, chitunda chotsetsereka pakhomo ndi nsungwi yogwirira mpaka kuchimbudzi, chomwe tsopano chili pa mamita 8. Fupa silinabwerere mwakale ndipo kumunda sadzapitanso. Koma m'mawa amatuluka okha, dzanja lili pansungwi, n'kukakhala pakhonde kusenda nandolo, ana opita kusukulu akuwapatsa moni mmodzimmodzi. Madzulo amamwa madzi mmene akufunira.

Ndikukupemphani kuti mvula isanayambe chaka chino, aliyense wa inu apite kwawo, kapena m'mudzi uliwonse wa m'dera lake, akapemphe anyakwawa kuti amuperekeze kwa munthu wamkulu kuposa onse. Mukatenge tepi. Mukayeze kuchokera pamphasa pake kukafika kuchimbudzi, kumjigo, ndi kukhomo loyandikira lomwe angamve akaitana usiku. Manambala atatu amenewo mukabwere nawo pa msonkhano wotsatira wa khonsolo, ndipo ngati mudzafune mmisiri woti adzakuonetseni kamangidwe ka mpando wa m'chimbudzi ndi chitunda cha pakhomo, ine ndidzabwera ndi zida zanga, osalipiritsa.

Ine wanu mwaulemu,

Mmisiri womanga nyumba,
Chiradzulu